Mphanda ya Mzati wa Muwanga

Kunali mmisiri wina womanga nyumba amene ankakhala kutsidya kwa kamtsinje, m'dera la kumapiri kumene msewu wa tala sufika. Dzina lake sindikuuzani. Ndikakuuzani muyamba kuwerenga abale ake m'malo momva mawu. Sukulu anailekezera sitandade thu, monga ine ndemwe. Koma ukamupatsa nkhwangwa, chingwe ndi mtengo, ankakuuza pamene denga lidzalemerere lisanamangidwe n'komwe.

Iye ali mnyamata wa mphamvu zake, mpingo wa kwawo unkapemphera pansi pa mkuyu. Mvula ikabwera, ulaliki unkathera pakati. Tsono akhristu anapangana zomanga tchalitchi, ndipo anati kwa mmisiri uja, "Iwe ndiye udziwa mitengo. Katipezere mzati."

Mzati, kwa inu amene munabadwira m'nyumba za simenti, ndi mtengo umene umaima pakati pa nyumba. Kumutu kwake kumakhala mphanda, nthambi ziwiri zotambasuka ngati manja. Pa mphandapo ndi pamene pamagona mtanda, ndipo pa mtandapo pamatsamira mapaso onse a denga. Khoma limangotchinga mphepo. Wosenza ndi mzati.

Mmisiri uja anayenda m'phiri masiku atatu. Anapitirira mitengo yambiri yokongola, chifukwa ina inali yofewa, ina inali yopanda mphanda. Tsiku lachitatu anapeza muwanga m'malire a munda wa amalume ake, wowongoka ngati bango, mphanda yake yotambasuka bwino. Muwanga ndi mtengo wouma mtima. Chiswe chikauluma chimabwerera mano atabuntha. Nkhwangwa zitatu zinabuntha pougwetsa. Amuna khumi ndi awiri anaukoka ndi luzi masiku awiri, akuimba, mapewa atasupuka. Pa kamtsinje paja anauwolotsa madzi ali m'chiuno. Mmisiri anauwaula kutsinde ndi moto, nakumba dzenje lolekeza m'chifuwa, nathiramo phulusa. Tsiku limene mzati unaima, iye anaugwira ndi dzanja pamaso pa mpingo wonse, nati, "Mtengo uwu ndaupereka kuti usenze denga la nyumba ya Mulungu."

Mawu amenewa muwasunge. Tiwafuna kutsogoloku.

Mzati uja unasenza denga zaka makumi anayi ndi ziwiri. Poyamba linali denga la udzu. Patapita zaka anthu anagula malata, nachotsa udzu. Mzati sunakane malata. Unangowasenza. Chaka china kunabwera chimphepo chimene chinasasula sukulu ndi nyumba ya aphunzitsi, malata ake n'kukawatola kudambo. Denga la tchalitchi linangolira, osasuntha. Ana anabatizidwa pansi pa mzati umenewu, nakula, nakwatira pomwepo, ena n'kudzagonekedwa pomwepo m'bokosi. Ndipo mmisiri uja anakhala mkulu wa mpingo, imvi zinamera, msana unapindika.

Kenaka anthu anachuluka, makoma anayamba ming'alu. Ana a m'mudzimo amene ankagwira ntchito m'tauni ndi ku Joni anati, "Timange tchalitchi chatsopano." Palibe anakana. Mmisiri sanakane. Mpingo unasankha komiti, ndipo wapampando wake anali a Chidzalo, munthu amene anapuma pa ntchito ya ukalaliki kuboma, wosachoka panyumba popanda zolembera zitatu m'thumba la malaya. Wolemba mapulani anali Lonjezo, mwana wa m'mudzi momwemo amene anaphunzira za zomangamanga ku sukulu zapamwamba. Agogo ake aamuna anali mmodzi wa amuna khumi ndi awiri aja anakoka mzati.

Lonjezo anabwera ndi chithunzi chachikulu, nachipachika pa mkuyu kuti onse aone.

"Sitimanga ngati za kunja," anatero. "Timanga zathu, koma zamakono."

Ndipo kunena zoona, chinali chithunzi chokongola. Tchalitchi chozungulira ngati nkhokwe. Mazenera a magalasi ataliatali, kuchokera m'chiuno kufika kudenga. Khonde lozungulira nyumba yonse, nsanamira zake za simenti zoumbidwa ngati mitondo. Pakhoma mizere yakuda, yofiira ndi yoyera, monga ankazirira amayi athu kale. Denga la malata, koma la mtundu wa udzu wouma, losongoka pamwamba ngati la nyumba za makolo. Pansonga pake galasi, kuti dzuwa lizilowera pamenepo.

Mmisiri anayang'ana chithunzi chija nthawi yaitali, nati, "Mwana uyu ali ndi maso."

Mumve bwino, inu amene mumati nkhalamba zimadana ndi zatsopano. Munthu uyu sanadane ndi galasi. Sanadane ndi chitsulo. Tsiku logwetsa tchalitchi chakale, iye ndiye anatsogolera kutsitsa malata. Iye ndiye anakumba mozungulira mzati mpaka unagona pansi bwinobwino, osasweka. Kutsinde kwake kunali kwakuda monga anakuwaulira, chiswe osalowa ngakhale pang'ono. Anaugoneka pansi pa mkuyu, pa miyala iwiri.

Ntchito inayenda. Makoma anakwera, zitsulo zinakwera, malata anakwera. Kutatsala mwezi umodzi kuti atsegulire, a Chidzalo anaitana mmisiri. Lonjezo analiponso, mapepala ali m'manja.

"Madala, tili ndi uthenga wabwino," anatero a Chidzalo. "Mzati wanu uja sitiutaya. Ulowa m'tchalitchi chatsopano, pakati penipeni."

Mtima wa mmisiri unadumpha ngati wa mwana. Anati, "Ndiye mtanda wake mwaukonza? Mphanda ija imafuna mtanda wonenepa."

Lonjezo anatambasula pepala. "Agogo, mzati susenza kanthu. Denga lagona pa zitsulo zimene zili m'kati mwa khoma. Mzati tiupala, tiupaka vanishi, tikhomapo kachitsulo kolemba dzina lanu ndi chaka. Koma kumutu kwake tikufuna mudule mphanda. Pakati pa mzati ndi denga pakhale mpata wa chikhatho chimodzi."

"Mpata wa chiyani?"

"Dzuwa likamalowa pagalasi lizidutsa pamenepo. Munthu akakweza maso aziona kuti mzati sukukhudza denga, koma denga silikugwa. Aziti chikugwira nyumbayi ndi chikhulupiriro."

Mmisiri anakanda m'mutu. "Chikugwira nyumbayi ndi zitsulo mwabisa m'khomazo. Bwanji mukunamizira chikhulupiriro?"

A Chidzalo anaseka, nati, "Izi n'zakuya, madala. Zimafuna sukulu."

Mawu amenewa ndimawadziwa. Ndawamva m'misonkhano ya mpingo uno kuposa mmene ndamvera ameni. Munthu ukafunsa funso limene alibe yankho lake, amakuuza kuti ulibe sukulu. Koma tiyeni tipitirire.

Mmisiri sanakwiye msanga. Anatola kamtengo, nalemba pansi. "Lonjezo, mdzukulu wanga, taona. Zitsulo zako ndazikonda. Zisonkhanitse pamwamba apa, uumbe chisoti chachitsulo, uchikhazike pa mphanda. Chitsulo chisenze mbali yake, mtengo usenze mbali yake. Chakale ndi chatsopano zigwire ntchito limodzi. Si zimene unanena pa mkuyu paja?"

Lonjezo anayang'ana pansi paja. Kenaka anati, "Agogo, chitsulo chili ndi manambala ake. Ndimadziwa kulemera kumene chingasenze. Mtengo wakale sindingauwerengere, ndipo ovomereza mapulani amafuna manambala."

"Zaka makumi anayi ndi ziwiri si nambala?"

Anayankha ndi a Chidzalo. "Chithunzi anachiona kale ana athu a ku Joni, ndipo anachikonda. Sitisintha. Tikanatha kuuza aliyense kuti adule, koma takulemekezani kuti mudule ndinu, tikujambuleni mukudula. Tsiku lotsegulira mudzakhala pampando wakutsogolo, pafupi ndi alendo, ndipo tidzakufunditsani bulangete latsopano. Loweruka likudzali mphanda ikhale itachoka."

"Nanga ndikakana?"

"Mkulu wa mpingo sakana chimene mpingo wagwirizana. Malamulo mukuwadziwa."

Ankawadziwa. Wokanira mpingo amamuimitsa. Amachoka pa ukulu, sayandikira mgonero, ndipo akamwalira asanalape, bokosi lake sililowa m'tchalitchi. Kwa mnyamata zimenezi n'zakutali. Kwa munthu wa zaka makumi asanu ndi awiri ndi mphambu, amene akamatsokomola mkazi wake amadzidzimuka, zimenezi zili pakhomo.

Anabwerera kwawo kutsidya. Pa kamtsinje paja panali timitengo ta bulugamu timene anthu ankayala chaka ndi chaka, ndipo chaka ndi chaka madzi ankatitenga. Dzinja likafika anthu akutsidya ankakhala milungu osapemphera, ana osapita kusukulu, odwala osafika kuchipatala. Manda nawo anali mbali ya tchalitchi, ndipo maliro a m'dzinja ankawoloka onyamula ali m'madzi. Nkhani ya mlatho inakambidwa m'komiti kangapo konse. Yankho linali limodzi: tidzaona tikamaliza tchalitchi.

Mmisiri anapeza mkazi wake, Nachisale, akuswa mtedza pakhonde. Anamufotokozera zonse.

Nachisale sanakweze mutu. "Dulani basi, abambo. Ndi mtengo."

"Ukaudula mphanda sudzasenzanso."

"Nanga inuyo mukusenza chiyani? Mwakalamba, mtengo wanu wakalamba. Landirani bulangete, usiku kuno kumazizira." Anaswa mtedza wina, nati, "Mukufuna ndidzakuikeni ngati mbuzi, popanda nyimbo? Ine manyazi amenewo sindiwatha."

Mawu a mkazi wako amalasa kuposa a komiti, chifukwa iye sakunyoza. Akuopa. Mmisiri anawasinkhasinkha mawuwo masiku anayi. Loweruka m'mawa ananola sowo yake, naiika paphewa, nawoloka.

Pansi pa mkuyu anthu anali atasonkhana. A Chidzalo anali atavala jekete. Wojambula anali atakonzeka. Mmisiri anagwada pamutu pa mzati, naika sowo pakhosi pa mphanda. Asanakoke, anapukuta fumbi ndi chikhatho kuti aone podula. Ndipo anaona chinthu chimene anali asanachione, pakuti zaka zonsezo chinali kumwamba, kumdima. M'kati mwa mphanda muja munali chibowo chosalala, chonyezimira ngati mpini wa khasu lakale. Mtanda unali utadya mtengo, pang'onopang'ono, chilimwe ndi dzinja, mpaka kuzama kwa zala ziwiri. Muwanga, umene unabunthitsa nkhwangwa zitatu, unali utalola kudyeka chifukwa cha katundu wake.

Anaika zala m'chibowomo. Kenaka anagwira phewa lake, pamene panali chipsera cha luzi.

"Tiyeni madala, dzuwa likukwera," anatero a Chidzalo. "Yang'anani kuno, musekerere."

Mmisiri anaimirira, nabweza sowo paphewa, nachoka. Anthu anati mwina wapita kukanola. Patapita ola limodzi anabwera ndi ngolo ya ng'ombe ziwiri, unyolo, ndi amuna anayi akutsidya. Dzuwa lili pamutu, anthu onse akuona, anakoleka unyolo kutsinde kwa mzati.

"Mukutani? Ndi katundu wa mpingo ameneyo!" anakuwa a Chidzalo.

"Ndinaupereka kuti usenze. Amene analipo tsiku lija akudziwa. Ngati ntchito yosenza yatha, ndibwezereni mtengo wa amalume anga."

Panali nkhalamba ina yachikazi, yosaona, itakhala pamuzu wa mkuyu. Inati, "Anaterodi. Ine ndinalipo, mwana ali kumsana."

A Chidzalo anatulutsa cholembera. "Madala, ganizani bwino. Mtengo umenewu ukachoka pano, dzina lanu likuchokanso m'buku la akulu. Mukusiya ulemu chifukwa cha chikuni?"

"Ulemu wake uti? Mukufuna muudule manja, muupake mafuta, muuimike pakati kuti alendo aziti kale kunali anthu. Ndiye mundidulenso ine chimodzimodzi, mundifunditse bulangete. Bulangete lanulo mufunditse mitondo ili pakhondeyo, nayonso sisinja."

Anthu ena anaseka, ena anagwira pakamwa. Mmisiri anamenya ng'ombe, ndipo mzati unayenda, ukulemba mzere m'fumbi kuchokera pa mkuyu mpaka kumtsinje, njira yomwe unadzera zaka makumi anayi ndi ziwiri zapitazo.

Lamulungu lotsatira dzina lake linawerengedwa pamaso pa mpingo. Anamuimitsa. Nachisale analira m'tchalitchi, naliranso kunyumba, ndipo milungu iwiri sanamulankhule mwamuna wake koma za chakudya zokha.

Mmisiri anali kumtsinje. Anasankha popapatiza, pamene mbali zonse ziwiri pali thanthwe. Ndi amuna anayi aja anaugoneka mzati kuchokera gombe ili kufika gombe lija. Ndipo taonani nzeru ya mphanda. Mtengo wamba ukaugoneka, munthu akapondapo umagubuduka. Wa mphanda sugubuduka. Nthambi ziwiri zija zinagwira thanthwe ngati munthu wogwira pansi ndi manja onse awiri. Akanaidula, ukanakhala mtengo wogwetsa anthu m'madzi.

Koma mtengo umodzi ndi njira ya achinyamata okha. Nkhalamba, mayi woyembekezera, onyamula maliro, sangadutse pa mtengo umodzi. Pankafunika wachiwiri wofanana nawo, ndipo m'phiri muja muwanga unali utatha kalekale ndi makala. Mmisiri anakhala pagombe akuyang'ana ntchito yake yosatha.

Loweruka lina masana kunamveka galimoto. Anali Lonjezo. Kumbuyo kwa galimoto kunali chitsulo chachitali chimene chinatsala pomanga, matumba a simenti, mabawuti ndi matabwa. Anatsika, navula nsapato zake zonyezimira, nayenda pamzati mpaka pakati. Anadumphapo kawiri. Mtengo sunagwedere.

"Bwanji, wauwerengera tsopano?" anafunsa mmisiri.

"Ndaupondapo, agogo."

"Akutuma a komiti?"

"Sakudziwa kuti ndili kuno. Pulani ya tchalitchi sindingaisinthe. Koma agogo anga anandionetsapo phewa lawo ndili mwana."

Awiriwo anayamba ntchito. Anagoneka chitsulo pambali pa muwanga. Lonjezo anayeza ndi zida zake, mmisiri anayeza ndi diso, ndipo anakangana za chala chimodzi mpaka dzuwa linapendeka. Anathira simenti m'mbali zonse ziwiri, nakhoma matabwa, mbali imodzi pa chitsulo ndi mabawuti, mbali inayo pa mtengo ndi misomali imene inkapindika ikakumana ndi muwanga. Palibe anapaka vanishi. Palibe analemba dzina. Palibe anajambula.

Tsopano ndikukuonani mukudikira. Mukudikira ndinene kuti kunabwera chimphepo, denga la tchalitchi chatsopano n'kugwa, a Chidzalo n'kupita chokwawa kukapepesa. Mumakonda nthano zotero chifukwa zimatha msanga ndipo wolakwa amakhala wina. Sizinatero. Denga silinagwe. Lonjezo ankadziwa ntchito yake, ndipo zitsulo zake zinagwira. Pakati pa tchalitchi anaimikapo chipaipi cha simenti, nachilemba mizere ya makungwa, nachipaka utoto wa mtengo. Mpata wa chikhatho unalipo, dzuwa linkadutsa, alendo ankakweza maso n'kugwedeza mitu. Ambiri sankadziwa n'komwe kuti si mtengo. Ena ankachisisita, amati, "Makolo athu ankadziwa kusankha mitengo."

Tsiku lotsegulira linagwa m'dzinja, mtsinje utadzaza. Kwa nthawi yoyamba chiyambire mpingo, anthu akutsidya anafika onse, zovala zouma, makanda kumsana. Anadzaza mabenchi akumbuyo. Anayamikidwa a komiti, anayamikidwa ana a ku Joni, anayamikidwa ophika. Amene anawolotsa theka la mpingo sanatchulidwe. Bulangete lija anafunditsa nkhalamba ina imene sinadziwe chifukwa chake.

A Chidzalo sanapepese. Abusa anatuma mawu kawiri kuti mmisiri angoimirira pamaso pa mpingo, anene kuti ndinalakwa, zithe. Iye anati, "Machimo ndili nawo ambiri, ndipo Mwini wake ndimamuuza tsiku ndi tsiku. Koma ili silili m'gulumo. Ndikalapa chimene sindinalakwe, ndiye kuti ndawonjezera bodza." Lamulungu lililonse ankawoloka pa mlatho wake, n'kukhala panja pa khonde, pafupi ndi mtondo wa simenti, n'kumva ulaliki kudzera pazenera. Nyimbo ankaimba nawo, mokweza, kuti am'kati adziwe kuti alipo.

Anakhala zaka zitatu. Dzinja lachinayi chifuwa chinamutenga.

Komiti inakhala pansi, nitsegula buku, niti malamulo ndi malamulo. Bokosi silinalowe m'tchalitchi. Kwaya sinabwere ndi yunifolomu. Chimene Nachisale ankaopa chinafika, ndipo musaganize kuti chinali chopepuka. Ndani safuna kutsanzikana ndi mpingo umene anaumanga?

Mvula inali itagwa masiku atatu, mtsinje ukubangula. Onyamula anafika pa mlatho, amuna asanu ndi mmodzi ndi bokosi, matope m'miyendo. Anaponda. Chitsulo chinasenza mbali yake. Muwanga unasenza mbali yake. Pakati pa mlatho Nachisale, amene ankayenda kumbuyo kwa bokosi atagwiriziridwa ndi amayi awiri, anati, "Taimani." Anaima. Iye anawerama, nagwira mtengo uja ndi chikhatho, pamene matabwa analekezera, nati, "Wamusenza mnzako." Ndipo anayambitsa nyimbo yekha. Amayi akutsidya anailandira, opanda yunifolomu, amuna anailandira, ndipo anthu amene anali kudikira kugombe linalo anailandiranso, mpaka mtsinje sunamvekenso. Anadutsa pakhomo pa tchalitchi chokongola chija osaima, napita naye kumanda.

Fanizo lathera pamenepa. Tsopano mumve tanthauzo lake, pakuti sindikufuna wina atuluke muno akunena kuti nkhalamba ija imakamba za mitengo.

Nyumba ija ndi moyo wanu. Mwaimanga bwino, sindikukana. Muli ndi sukulu imene ife tinalibe, muli ndi ntchito, muli ndi mafoni odziwa zonse. Zimenezo ndi zitsulo, ndipo zitsulo si tchimo. Ine ndikadwala ndimapita kuchipatala, sinditafuna mizu. Koma Mulungu wa makolo anu mwamutani? Simunamutaye, ayi. Kumutaya mukuchita manyazi. Mwamulowetsa pakati penipeni. Mwamupaka vanishi. Dzina lake mwalemba kumbuyo kwa galimoto ndi pakhomo la golosale. Koma mwamudula mphanda. Pakati pa Iye ndi denga lanu mwasiya mpata wa chikhatho. Ukwati wanu wagona pa china, malonda anu agona pa china, mantha anu agona pa china, ndipo zonsezo mwazibisa m'khoma. Mlendo akabwera mumaloza pakati, mumati chikutigwira ndi chikhulupiriro. Bodza! Tandionetsani chibowo. Tandionetsani pamene katundu wanu anadya mtengo. Chimene sichinasenzepo kanthu n'chosalala ponseponse.

Ndipo ndikuuzeni chowawa. Denga lanu mwina siligwa. Mutha kukhala zaka zonse, kunenepa, kuikidwa ndi kwaya zitatu, osadziwa kuti chili pakati pa nyumba yanu ndi chipaipi chopaka utoto. Mulungu sakakamira malo a ulemu. Mukamukaniza kusenza, amatuluka dzuwa lili pamutu, napita kumtsinje kumene kuli anthu ofuna kuwoloka. Kumeneko amagona pansi, anthu n'kumamupondaponda ndi matope, ndipo sadandaula, chifukwa anadzera zomwezo.

Mmene mumachitira ndi Mulungu ndi mmenenso mumachitira ndi ife. Chaka chatha munandiitana kutsogolo kuno, munandifunditsa bulangete, munaomba m'manja. Mwezi womwewo munandichotsa pa ndandanda ya olalikira, akuti mpingo wakula, ukufuna odziwa Chingerezi. Zaka makumi atatu ndinayenda pansi m'midzi iyi, kuika maliro amene abusa sankafikako, kuyanjanitsa mabanja amene ana ake lero ndi a komiti. Lero mwandipatsa mphindi khumi chifukwa mlaliki amene munamuitana galimoto yamufera panjira, ndipo mwana wanga uyo akundionetsa wotchi kachitatu. Ndaiona, bambo. Tsitsani dzanja. Mumati mawu a akulu akoma akagonera. Mwawagoneka mpaka achita nkhungu.

Bulangete lanu lili apo, pa benchi yakutsogolo, m'pepala lake momwe. Sindinalifunde. Mulitenge. Ine mpando wakutsogolo sindiufuna. Ngati muli ndi katundu, ndisenzetseni, ndipo mubwere ndi chitsulo chanu tigone limodzi pamtsinje, inu mbali yanu, ine mbali yanga. Ngati mulibe, ndisiyeni ndipite kutsidya. Kuli odwala amene palibe akuwayendera, kuli amasiye amene palibe akuwafunsa ngati adya. Mphanda yanga ikadalipo, ndipo palibe adzaidule ndili moyo.

Inu pitani kwanu, mukaime pakati pa nyumba, mukakweze maso. Mukapeza mpata wa chikhatho, musauyamikire kuwala. Tsitsani denga lanu ligone pa Iye.